Kodi Nkulakwa Kupima Mtembo wa Khanda?

Khanda likamwalira m'midzi ya ku Naisi, maliro ake sachedwa. Amai achikulire amalikulunga nakaliika m'manda, ndipo wofunsa chimene chadya mwana amayankhidwa msanga: malungo, tsempho, kapena mfiti. Tsono apolisi akalamula kuti mtembo uyambe wapita ku chipatala chachikulu cha Zomba kukapimidwa, abale amawawidwa mtima, nati kanthu kosalakwa kotere kachekedwerenji. Kudandaula kwao sikwachabe, pakuti thupi la munthu nloyenera ulemu. Komabe Eklezia saletsa kupima mtembo pamene akuluakulu a milandu afuna kudziwa choona.

Khanda silitha kunena amene analipweteka, ndipo nthawi zina khungu lake silionetsa bala. Mboni yotsala ndi mafupa. Nthiti za khanda nzofewa ngati nsungwi yaiwisi, sizithyoka wamba. Zikapezeka zothyoka kumbuyo, pafupi ndi msana, kawirikawiri nchifukwa chakuti wamkulu anafinya chifuwacho ndi manja awiri. Ndiponso pfupa lothyoka limayamba kudzilumikiza, ndipo pakapita sabata imodzi kapena ziwiri mfundo yake imaoneka pa chithunzi cha X-ray. Motero dokotala akapeza nthiti ina yongothyoka kumene, ina yapola kale, amadziwa kuti mwanayo sanavulale tsiku limodzi lokha. John Caffey wa ku New York analemba za mafupa otere mu 1946, koma anthu ambiri anachedwa kubvomera kuti kholo lingachite zimenezi, kufikira Henry Kempe wa ku Denver ndi anzake anazitchula poyera mu 1962.

Nayenso dokotala ali ndi mlandu pa chikumbumtima chake. Alipo ana obadwa ndi mafupa osalimba. Ena mafupa ao amafooka posowa vitamini D. Ena pfupa la paphewa limathyoka pobadwa. Wofulumira kugamula angasenzetse mlandu wakupha mai wosalakwa amene ali m'misozi, ndipo dzina loipitsidwa m'mudzi silibwerera msanga.

Koma amene akaniza kupima ndi cholinga chosunga mbiri ya banja akumbukire kuti mwana woikidwayo sadzamenyedwanso. Amene ali pangozi ndi mkulu wake wa zaka ziwiri, amene usiku wa maliro womwewo agona m'nyumba imodzimodzi, pa mkeka womwewo, pafupi ndi manja omwe aja.