Nkhope Ziwiri za Khadi

Tchuthi chapitachi ana anga anafukula tiranki ya malemu agogo awo n'kupezamo mpukutu wa mapositikhadi womanga ndi mphira. Basi chimwemwe: "Adadi, timate pabalaza!" Mayi awo anaphika phala la ufa wa chinangwa, lomwe lija tinkamatira nyuzipepala pachipupa kumudzi. Ine ndiye ndinangoti kakasi.

Makhadiwo ankatumiza ndi bambo anga ali ku Joni, komwe anapita pa Wenela mu 1971. Anabwerako mu 1974, chaka chomwe ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, a Kamuzu n'kuletsa zolemba anthu opita kumigodi.

Vuto la khadi n'lakuti lili ndi nkhope ziwiri, ndipo ukamata pakhoma wasankha imodzi, inayo waikwirira. Kutsogolo kuli Hillbrow Tower, kuli Carlton Centre ya nsanjika 50, misewu yowala ngati masana. Koma bambo ankagona m'komponi, kukacha n'kutsika pansi pa nthaka. Kumbuyo kuli mawu, olembedwa ndi manja osiyanasiyana poti iwo sukulu sanapite nayo patali, ankapempha anzawo: "Ndili bwino. Moni kwa ana."

Lina ndi la June 1973. Mwezi umenewo, monga anadzatiuza okha atakalamba, mwala unawadula zala ziwiri. Koma pakhadipo mawu ndi omwewo: "Ndili bwino."

Kodi, inu awerengi, bambo ankanama? Mlongo wanga akuti ayi, chinali chikondi. Ati khadi lilibe envelopu, aliyense amawerenga, kuyambira wa kupositi mpaka mwana wasukulu amene ankawawerengera amayi. Nanga munthu wamkulu angalire pagulu chotero? Komanso amayi akanamva za zalazo akanachitapo chiyani, kupatula kusowa tulo?

Ndikumumva mlongo wangayo, koma mtima wanga sukhazikika. Zithunzi zimenezi zinkazungulira mudzi wonse. Anyamata ankazigwira mosamala ngati ndalama, ena n'kukalembetsa ulendo ataona nsanja yomweyo, ndipo mwa iwo alipo amene anatchona. Bodza lotonthoza mkazi wako likafika m'manja mwa mwana wa mnzako limasanduka nyambo. Bambo sanafune zimenezo, eetu, koma zinachitika. Tsono ife tikamata zithunzi zokhazokha, mawu n'kuyang'ana kukhoma, ndiye kuti adzukulu awo akula akuganiza kuti agogo anapita ku Joni kukaona malo.

Tinakangana mpaka phala linazizira. Pomaliza ana anamata onse momwe ankafunira, mizere yokhotakhota, kupatula la June lija. Limenelo ndinamata ndekha chotembenuza, mawu kunja, pakati penipeni.

Dzulo mwana wanga wamng'ono anaima pampando n'kuwerenga mokweza, chilembo chimodzichimodzi. Kenaka anatembenuka: "Adadi, ngati anali bwino, mwalizondotseranji?" Ndinamukhazika pamwendo, n'kupinda zala ziwiri za dzanja langa lamanja, ndipo ndinayamba kumufotokozera.