Chithunzi cha kadzidzi amalipira ndani?

Sabata ino ndabwera ndi mbalame imene ambiri a ife sitifuna n'kuitchula komwe dzuwa likalowa. Ndikunena kadzidzi. Musathawe, khalani pansi tikambirane.

Kwathu kuno kadzidzi akalira padenga, tulo timatha. Wina amatuluka ndi chikuni chamoto, wina ndi miyala, poti amati wabwera ndi uthenga wa maliro kapena watumidwa ndi mfiti. Koma kumaiko ozizira monga Canada, Britain ndi kumpoto kwa United States kuli anthu amene m'nyengo yachisanu, cha mu Disembala mpaka Febuluwale, amalawirira kukaima m'minda, zala zitachita kuuma, kudikira kadzidzi kuti amujambule. Nthawi imeneyo mitengo yambiri imakhala itayoyola masamba, ndiye mbalame sizibisika. Ndi nthawinso imene kadzidzi woyera wa ku Arctic, uja ena munamuona m'mafilimu a Harry Potter, amatsikira kumwera n'kumakhala pamitengo ya mpanda masanasana. M'chisanu cha 2013 kulowa 2014 anatsika ochuluka zedi, ndipo anthu a makamera anakhamukira kumindako ngati kwafika bale yatsopano ya kaunjika.

Mwina mukuti, aa, koma ndiye anzathuwo ali ndi mtima wabwino. Dikirani kaye.

Ena mwa ojambulawo safuna kudikira. Amagula mbewa yamoyo m'sitolo, n'kuiponya pa chipale chofewa kutsogolo kwa kamera. Kadzidzi wanjala amauluka molunjika kwa iwo, mapiko atatambasula, maso achikasu ali tong'o, ndipo chithunzi chimatuluka chokongola moti pa Facebook anthu amangoti eee. Ena akapeza kadzidzi akupuma amamuyandikira dala kuti adzidzimuke, amujambule ali m'malere. Vuto lake ndi ili. Kadzidzi wozolowera nyambo amasiya kuopa anthu, amayamba kukhala m'mbali mwa msewu momwe magalimoto amaima, ndipo kumeneko kugundidwa sikuchedwa. Woulutsidwa uja amawononga mphamvu pa nyengo imene chakudya n'chosowa. N'chifukwa chake bungwe la Audubon la ku America silivomera zithunzi zogwiritsa nyambo yotereyi pa mpikisano wake. Komanso kuyambira 2017 kadzidzi woyerayu ali pa mndandanda wa IUCN wa zamoyo zimene zili pachiopsezo.

Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi, ndipo pamsika pandiphunzitsa funso limodzi lothandiza pa nkhani iliyonse: walipira ndani? Chaulere kulibe. Ngakhale basela amene ndimakuikirani m'jumbo alipo wamulipira, ndi ineyo. Malonda achilungamo ndi oti amene watenga katundu ndi amene watulutsa ndalama. Tsono pa chithunzi chija, wojambula watenga ulemu, watenga ma like, mwina wagulitsanso chithunzicho. Wolipira ndi kadzidzi, ndipo sanafunsidwe mtengo.

Apa ndi pamene pagona funso langa. Kodi kukonda chinthu kumatipatsa ufulu wochisokoneza? Ndipo kodi woponya mwala ndi woponya mbewa amasiyana kwenikweni?

Kunena zoona amasiyana, tisanamizane. Mwala umapha pompo, ndipo cholinga chake n'kupha. Koma ndikawayang'anitsitsa awiriwa ndimaona kuti akudwala nthenda imodzi. Onse sakumuona kadzidzi. Woyamba akuona mfiti, wachiwiri akuona chithunzi. Mbalame yeniyeniyo, imene ili ndi njala yake ndi ana ake, palibe akuiona.

Taonani mmene mantha athu amachokera pa kusayang'ana. Timachita nthumanzi kadzidzi akatembenuza mutu ngati waupotokola. Chifukwa chake n'chakuti maso ake sayendayenda ngati athu, ndiye kuti aone kumbali ayenera kutembenuza mutu wonse. Khosi lake lili ndi mafupa 14 pamene lathu lili ndi 7, ndipo amatha kulizunguza mpaka madigiri 270. Timati amafika mwakachetechete ngati mzukwa, pamene ndi nthenga zake zofewa zimene zimameza phokoso kuti khoswe asamumve. Nyanga zija ndi nthenga basi. Ndipo akatera pafupi ndi nyumba usiku, kawirikawiri watsata makoswe omwe aja amatithera chimanga m'nkhokwe ndi kutiboolera matumba. Ku Alexandra, mu Johannesburg, anafika poika mabokosi oti akadzidzi azikhalamo kuti athandize kuchepetsa makoswe. Ife mlonda wosafuna malipiro timamulandira ndi chikuni chamoto.

Wina andifunsa kuti, amayi inu, nanga kadzidzi uja sanadye mbewayo? Sanakhute? Ndipo zithunzi zokongolazo si zimene zimachititsa anthu kukonda mbalame n'kuyamba kuziteteza? Mfundo imeneyi ili ndi mutu, sindingaikankhire kumbali. Munthu sateteza chimene sanachionepo. Ngakhale kuno kwathu, alendo amabwera ku Liwonde National Park kudzafuna kadzidzi wamkulu wofiirira amene amagwira nsomba mu Shire, ndipo ndalama zawo zimalemba ntchito anyamata operekeza alendo ndi oyendetsa maboti. Ndiye kujambula pakokha si tchimo.

Koma pa za kukhutazo, tiyeni tichotse kadzidzi tiikepo munthu, muone mmene mtima wanu ukuyankhira. Nthawi ya njala kapena madzi akasefukira, mwaonapo zithunzi zija: gogo wagwada, m'manja thumba la ufa, pambali pake bwana akumwetulira kamera. Ufawo ndi weniweni, gogoyo akadyadi nsima usiku umenewo. Nanga n'chifukwa chiyani chithunzicho chimatiwawa m'mimba? Chifukwa tikudziwa kuti pakanapanda kamera, ena mwa opatsawo sakanabwera. Ufa uja wasanduka nyambo. Gogoyo walipira ndi ulemu wake, ndipo njala sinamupatse mpata wokana. Wanjala sachita malonda, amangolandira mtengo umene wauzidwa. Kadzidzi wa m'chisanu uja ndi chimodzimodzi.

Ndipo musaganize kuti nkhaniyi ndi ya azungu a makamera aatali okha. Lero aliyense wa ife ali ndi kamera m'thumba. Minibasi ikagubuduzika, mafoni amafika msanga kuposa manja othandiza. Chithunzi cha malemu chimazungulira pa WhatsApp abale ake asanauzidwe. Wodwala misala akavula pamsika, anthu amajambula m'malo momufunditsa chitenje. Nafenso amsika zimatichitikira. Munthu amangotulukira, tcha, wakujambula uli ndi thukuta, mwana kumsana, osapereka ngakhale moni, mawa ukumva kuti nkhope yako ili pa intaneti ndi mawu oti “amayi olimbika”. Akutiyamikira, inde. Koma anatifunsa?

Ojambula akadzidzi amene amaidziwa ntchito yawo ali ndi mwambo umene ndimausirira. Amaima patali. Amayang'ana mbalameyo kuti iwauze: ikadziwongola n'kuuma thupi, kapena ikayamba kuwayang'anitsitsa, amadziwa kuti ayandikira mopyola ndipo amabwerera m'mbuyo. Akapeza pamene kadzidzi amagona salengeza malowo kwa aliyense, kuopa chigulu. Ku Britain lamulo la 1981 loteteza zachilengedwe limaletsa kusokoneza kadzidzi wa nkhope yoyera, uja amakonda kukhala m'nyumba zakale, akakhala pachisa chake. Anthu oterewa amatha kuzizidwa tsiku lonse n'kubwerera kunyumba opanda chithunzi ngakhale chimodzi, koma osadandaula. Makolo athu ananena kale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono ukaigogoda kuti itulutse maso msanga, imabwerera m'chigoba.

Kwa ine chikondi chenicheni chimadziwika pamenepo: kulolera kuti ulipire ndiwe. Ulipire ndi nthawi yako, ndi kuzizidwa kwako, ndi kubwerera chimanjamanja. Ngati chimene ukuti ukuchikonda ndicho chikutaya mphamvu, tulo kapena ulemu kuti iwe usangalale, chimenecho ndi chilakolako chovala suti.

Sindikukuuzani kuti kuyambira lero muzikondwa kadzidzi akalira. Zimene tinayamwira sizichoka tsiku limodzi, ndipo kulira kwakeko n'kosautsadi pakati pa usiku. Pempho langa ndi laling'ono. Chisanu chathu cha Juni ndi Julaye chikafika, mukamumva pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba, chikuni chija chisiyeni pamoto. Ngati mtima walimba, tulukani mwakachetechete mumuyang'ane kaye, musamuunike ndi tochi kumaso. Ndipo tsiku limene mudzatulutse foni pamaso pa munthu amene sangathe kukukanizani, kaya ndi wovulala, wanjala kapena wolira, dzifunseni musanadine kuti chithunzi chimenechi alipira ndani.

Nanga inu mukuti bwanji? Kodi thandizo lobwera ndi kamera likadali thandizo? Ndikudikira maganizo anu, makamaka inu amene simukugwirizana nane.