Wosula Mkondo ndi Wolasa: Mlandu Ngwayani?

Ku Kanengo, kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, ndiko kuli mafakitale, nkhokwe zikuluzikulu za chimanga cha boma ndiponso msika wa fodya wa okushoni. Kale mphamvu za malo otere zidali m'manja mwa kalaliki wa pasikelo ndi buku lake. Chimene iye walemba ndicho chinali choona, ndipo mlimi wochokera ku Dowa kapena ku Kasungu ankalandira ndalama molingana ndi manambala a m'bukumo. Masiku ano buku lija lidalowa m'kompyuta. Kulemera kwa belo, malipiro a wantchito, matumba a feteleza otuluka m'nyumba zosungiramo katundu, zonsezi zimawerengedwa ndi mapulogalamu amene munthu wina adakhala pansi n'kulemba. Munthu ameneyu saoneka pachipata ndipo alimi sadziwa dzina lake, koma dzanja lake lili m'thumba la aliyense.

Achinyamata ambiri a ku Kawale, ku Biwi, kwa Chinsapo ndi kwa Mgona amalakalaka ntchito imeneyi, ndipo salakwa. Ndi ntchito yaulemu, yofuna mutu osati msana. Ena amaisankhanso pa chifukwa china: amati ndi ntchito yopanda ndale. Kwa iwo loya ndi mtolankhani ndiwo amagwa m'matope a ndale, pomwe mmisiri wa makompyuta amangocheza ndi makina, amene sadziwa chipani, mtundu kapena chigawo. Akamaliza ntchito yake n'kulandira malipiro, zotsalazo n'za eni ake amene adamutuma. Kodi maganizo amenewa ngoona?

Oikira kumbuyo maganizowa amakonda fanizo la wosula zitsulo. Wosula wa m'mudzi ankasula khasu, nkhwangwa ndi mkondo. Munthu akagula mkondo n'kukalasa mnzake, mlandu sunkapita kwa wosula ayi, unkagwera wolasayo. Chitsulo chikachoka pa chipala, mwini wake ndi amene wachigula. Amati momwemonso pulogalamu ya kompyuta ndi chida chabe, ndipo ubwino kapena kuipa kwake kuli m'manja mwa wochigwiritsa ntchito.

Fanizoli n'lokoma m'khutu, koma lili ndi polekeza. Mkondo sulamula munthu aliyense. Umangogona pamene auika. Pulogalamu ya kompyuta siili choncho. Iyo ndi mndandanda wa malamulo: uyu alowe, uyu abwerere, izi zitheke, izi zikanike, izi zisungidwe, izi ziiwalike. Malamulo amenewa amagwira ntchito usana ndi usiku ngakhale wowalembayo ali m'tulo, ndipo sadandauliridwa monga momwe munthu angadandaulire kalaliki. Motero mmisiri wa mapulogalamu amafanana pang'ono ndi wosula, koma amafanana kwambiri ndi wopanga malamulo. Kusiyana kwake n'kwakuti phungu wa Nyumba ya Malamulo amachita kusankhidwa ndipo mawu ake amamveka pa wailesi, pomwe mmisiri amalemba malamulo ake m'chiyankhulo chimene anthu ochepa okha ndiwo amachiwerenga.

Nkhani ya feteleza wotsika mtengo ikuonetsa zimenezi poyera. Kuyambira m'chaka cha 2005 alimi ankagula feteleza ameneyu ndi makuponi a pepala, omwe ankabedwa, kugulitsidwa ndiponso kusindikizidwa mwachinyengo. M'chaka cha 2020 boma lidayambitsa ndondomeko ya AIP, m'mene mlimi ankagula thumba la makilogalamu 50 pa mtengo wa K4,495 poonetsa chitupa chake cha unzika. Wogulitsa ankajambula chitupacho ndi foni, ndipo pulogalamu ya m'fonimo inkafunsa kompyuta yaikulu ngati dzinalo lili m'kaundula. Cholinga chidali chabwino. Koma netiweki ikavuta, alimi ankagona pa mizere ya m'madepoti mvula ili pamutu, feteleza ali m'nyumbamo. Tsono funso lakuti pulogalamuyo ichite chiyani netiweki ikasowa limaoneka ngati la amisiri okhaokha, chikhalirecho ndi funso lakuti mayi wa kumudzi wakutali athira feteleza pa nthawi yake kapena ayi. Kulola kuti malonda apitirire popanda netiweki kukanatsegulira mbala khomo. Kukana kudazunza osalakwa. Njira iliyonse ili ndi amene imamupweteka, ndipo kusankha amene apwetekedwe ndiye ndale zenizenizo, ngakhale wosankhayo asavale nsalu ya chipani.

Nkhani yolemera kuposa apa ndi ya kusolola ndalama za boma kumene kudatchuka ndi dzina lakuti Cashgate. Idaphulika mu Seputembala 2013, mwezi umene mkulu woona za bajeti ku Unduna wa Zachuma, a Paul Mphwiyo, adawomberedwa ndi mfuti pachipata cha nyumba yawo. M'masiku omwewo apolisi ankapeza mitolo ya ndalama m'magalimoto ndi m'nyumba za ena ogwira ntchito m'boma. Kampani yofufuza mabuku a zachuma ya Baker Tilly, ya ku Britain, idapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasokonekera m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo kufikira Seputembala chaka chimenecho. Maiko othandiza Malaŵi adaimitsa thandizo lawo la bajeti, ndipo ululu wake udamveka m'zipatala ndi m'masukulu.

Chofunika kuchilingalira apa ndi njira imene ndalamazo zidatulukira. Palibe amene adathyola chitseko ku Capital Hill. Boma linkalipira anthu kudzera m'makina otchedwa IFMIS, amene adaikidwa n'cholinga choti tambala iliyonse izidziwika kumene yapita. Anthu ena ankalowetsa m'makinamo malipiro a makampani amene sadagulitse kanthu ku boma, macheke n'kutuluka, kenaka malipiro aja n'kufufutidwa kuti asaonekenso. Kufufuta kotere sikuchitika ndi chala cha munthu wamba. Pamafunika wodziwa makinawo, wokhala ndi mawu achinsinsi otsegulira zipinda zake zamkati. Ndiye kuti pakati pa wolamula ndi ndalamazo padali dzanja la munthu waluso. Dzanjalo likadakana, kubako kukadakhala kovuta. Likadasiya mapazi, kukadadziwika msanga.

Munthu wotere akafunsidwa, yankho lake limakhala lodziwika kale: adangotumidwa. Yankholi si la Malaŵi yekha. M'chaka cha 2015 zidaululika kuti kampani ya magalimoto ya Volkswagen, ya ku Germany, idaika m'magalimoto ake a dizilo pulogalamu yozindikira nthawi imene galimoto ikuyesedwa. Pa nthawi yoyesedwayo injini inkatulutsa utsi wochepa, koma ikalowa pamsewu inkatulutsa utsi woipa wochuluka kuposa umene malamulo amalola. Magalimoto pafupifupi 11 miliyoni adali ndi chinyengo chimenechi. Mmodzi mwa mainjiniya a kampaniyo, James Liang, adalamulidwa ndi bwalo la milandu la ku America m'chaka cha 2017 kukakhala kundende miyezi 40. Iye sadali mwini kampani, ndipo bwalo lidadziwa kuti padali akuluakulu pamwamba pake. Komabe lidaona kuti munthu amene akudziwa chimene luso lake likuchita sangabisale kumbuyo kwa bwana wake.

Apa mpamene fanizo la wosula lija limatembenukira eni ake. Nzoona kuti wosula sazengedwa mlandu wa mkondo umene adagulitsa pamsika. Koma munthu akabwera usiku n'kumuuza kuti amusulire kiyi wotsegulira nyumba ya mnansi wake, wosulayo n'kuvomera, palibe bwalo la mfumu limene lingamumasule. Chimene chimasiyanitsa milandu iwiriyi si chitsulo ayi, koma kudziwa.

Komatu kuweruza n'kosavuta kwa amene sali pa moto. Mnyamata amene wangoyamba ntchito pa kampani ina ku Kanengo amakhala nyumba ya lendi ku Area 25. Kumudzi akumuyang'ana, ndipo fizi ya azing'ono ake ili pamutu pake. Ntchitoyo adaifuna zaka ziwiri kapena zitatu atanyamula envelopu ya satifiketi. Tsiku lina bwana akumuitana n'kumuuza mofatsa kuti asinthe tsiku la pa risiti ina, kapena achotse mzere umodzi m'kaundula wa katundu, poti udalowa molakwika. Mwina udalowadi molakwika. Mnyamatayo sangathe kufufuza lamulo lililonse ngati wapolisi, ndipo kampani imene wantchito aliyense amakayikira chilichonse singayende. Akakana, mawa lake pampando pake pakhala wina, pakuti ofuna ntchito ngambiri. Anzake amukumbutsanso kuti mbuzi imadya pamene aimangirira. Ndipo zinthu zikadzavuta, amadziwa kuti khoswe wa pa mkhate sapheka. Wogwidwa adzakhala iye amene dzina lake lili m'makina. Munthu woti anene kuti mnyamatayu angolimba mtima, osaganizira zonsezi, sadalawepo ulova.

Ngakhale zili choncho, mfundo yomalizayi ikuluma mbali zonse. Ngati dzina lotsala m'makina ndi lake, ndiye kuti kumvera sikumutchinjiriza konse. Lamulo la dziko lino la m'chaka cha 2016 loona za ntchito za pa makompyuta ndi pa intaneti limaletsa kusintha kapena kufufuta zosungidwa m'kompyuta popanda chilolezo choyenera, ndipo mlandu suola. Bwana amene adalamula pakamwa adzakana kuti sadanenepo kanthu. Choncho pakati pa kumvera mwakhungu ndi kutula pansi ntchito pali njira ina imene amisiri okhwima amaidziwa. Amapempha kuti lamulo lachilendo libwere molembedwa. Sabwereketsa mawu awo achinsinsi, ngakhale kwa mnzawo wa pamtima. Cholakwika sachifufuta, koma amachikonza ndi mzere wina watsopano kuti zonse ziwiri zizioneka, monga momwe akalaliki akale ankadulira nambala yolakwika ndi mzere umodzi n'kusaina pambali pake. Lamulo loona limabwera molembedwa popanda vuto. Lachinyengo limazimirira lokha likangomva za pepala.

Mmisiri wolemba pulogalamu yatsopano ali ndi mwayi woposa apa, chifukwa angathe kumangira chilungamo m'kati mwa makina momwemo. Angathe kukonza kuti wolowetsa malipiro asakhale yemwenso wowavomereza, ndiponso kuti aliyense wokhudza kaundula asiye dzina lake, tsiku ndi ola. Zinthu zimenezi zimachedwetsa ntchito pang'ono ndipo sizikondweretsa mabwana ena. Koma zimateteza anthu amene mmisiriyo sadzawaona ndi maso, kuphatikizapo mnyamata amene adzakhale pampandowo iye atachoka, amene adzatha kuuza bwana wake moona mtima kuti makinawo salola.

Nanga ndale za zipani? Apa mpofunika kusiyanitsa, chifukwa kunena kuti luso lili ndi ndale m'kati mwake sikutanthauza kuti mmisiri aziika luso lake pansi pa mbendera ya chipani. Pa mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019, Amalaŵi adamva pa wailesi akatswiri a makompyuta akutsutsana m'bwalo. A Daud Suleman, mboni ya mbali yodandaula, adafotokoza momwe ankaonera kuti makina otumizira zotsatira adasokonezedwa, ndipo mbali ya bungwe loyendetsa zisankho la MEC idabwera ndi katswiri wake kudzatsutsa. Omvera ambiri sakadatha kuyesa okha mfundo za akatswiriwo, kotero aliyense adakhulupirira wa mbali yake. Oweruza asanu adafafaniza chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020, makamaka poona zolakwika za pa mapepala a zotsatira, monga kufufuta manambala ndi Tipp-Ex, ndipo chisankho china chidachitika pa 23 Juni chaka chomwecho. N'zochititsa chidwi kuti utoto woyera uja udagwidwa chifukwa unkaoneka ndi maso a aliyense. Kufufuta kwa m'kompyuta sikusiya banga loyera.

Kukayikira makina kudabweranso chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chisanachitike, pamene zipani zotsutsa boma zidadandaula ndi zipangizo za kampani ya Smartmatic n'kupempha kuti ziunikidwe ndi anthu oima paokha. Chipani cha DPP, chimene chidali pakati pa odandaulawo, ndicho chidapambana. Pali ena amene amaseka poona zimenezi, n'kumati madandaulowo adali opanda pake. Koma pempho loti makina aunikidwe silikhala loona kapena labodza malinga ndi amene wapambana. Sikelo ya pamsika imayesedwa ndi akuluakulu a boma osati chifukwa wogulitsa wagwidwa akuba, koma kuti wogula ndi wogulitsa onse agone tulo.

Apa mpamene pali vuto la mmisiri wokonda chipani. Ufulu wovota ndi wokhala ndi maganizo ake ali nawo monga nzika ina iliyonse. Koma anthu amadalira mawu ake pa zinthu zimene iwo sangathe kuziona, monga wodwala adalira dokotala wowerenga chithunzi cha m'chifuwa. Akangodziwika kuti yankho lake limasintha malinga ndi amene wafunsa, luso lake latha ntchito, ndipo wawononganso mbiri ya anzake onse a ntchitoyo. Mphuno imodzi silowa zala ziwiri. Maboma asinthana kangapo chiyambire 1994, ndipo nthawi iliyonse kaundula wa ovota, wa malipiro a aphunzitsi ndi wa alimi olandira feteleza amatsala m'manja mwa amisiri omwe aja, kudikira bwana watsopano amene mwina dzulo lake anali wodandaula.