Khungu la pamsana silinama



Pali mawu amene timakonda kudzitama nawo tikaima panja pa mzikiti swala ya Ijumaa ikatha. Timati ife sitili ngati azungu, makolo athu sitikawataya kunyumba zosungirako okalamba, timawasamala tokha mpaka Allah atawatenga. Ineyo ndinkawanena mawu amenewa mokweza kuposa anzanga onse. Panopa ndikawamva ndimangoti zii, chifukwa cha zimene ndinaona pamsana pa ababa anga.

Ababa anagwa ndi sitiroko m'mawa wina akuchokera ku swala ya Fajr. Anali ndi BP kwa zaka zambiri, koma mankhwala ankamwa mwa apo ndi apo. Mbali yonse ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu anatsekeka. Atapezako bwino pang'ono kuchipatala chachikulu, madokotala anatitumiza kumalo ena kumene odwala otere amagonekedwa kwa masabata angapo akuchita mafizo. Achimwene ali ku Joni, ndiye ugadiyani unagwera ine.

M'wodi mwathu munali anthu awiri othandizira odwala amene sindidzawaiwala. Woyamba anali mayi wachikulire, wosakhala Msilamu. Akafika pabedi ankayamba agogoda kachitsulo ka bedilo ngati akugogoda chitseko, n'kunena kuti, "Bambo, ndabwera kudzakutembenuzani, mundilole." Ababa sakanatha kuyankha, koma mayiwo ankadikirabe mpaka awayang'ane. Powasambitsa ankawafunditsa chitenje, n'kumavundukula kagawo kokhako kamene akutsuka, akamaliza n'kuphimbanso. Ndi mayi omwewa amene anandiphunzitsa chifukwa chake wodwala wogona amatembenuzidwa pa maola awiri alionse, usana ndi usiku. Munthu amene sangadzisunthe yekha, mafupa ake amakanikiza khungu pamatiresi, magazi n'kuleka kufika pamenepo, ndipo mnofu umayamba kufa mkati kunja kusanaoneke kanthu. Malo ake ndi odziwika: kumunsi kwa msana, m'mbali mwa chiuno, zidendene, mapewa. Anandichenjezanso kuti pakhungu lakuda ngati lathuli sipafiira ngati mmene amajambulira m'mabuku. Pamangoda kuposa pozungulira, ndipo ukapagwira pamakhala potentha kapena polimba.

Wachiwiri anali mnyamata wachangu, msinkhu wangawu. Ntchito yonse ankaigwira: kusintha pampasi, kutembenuza, kudyetsa, kusaina pepala. Koma iye ankangofika n'kukoka bulangete lonse, ababa n'kutsala mbulanda pamaso pa wodi yonse, iye akucheza ndi mnzake wa kutsidya. "Wa bedi 6 wanyowetsanso." Munthu amene chibadwire changa sindinaonepo ngakhale bondo lake. Tsiku lina atatero, ababa anatembenuzira nkhope kukhoma, ndipo phala anakana mpaka madzulo.

Papepala anthu awiriwa anali ofanana. Onse anatembenuza, onse anasambitsa, onse anasaina. Akanabwera akuluakulu oyendera zipatala sakanapeza kusiyana kulikonse. Ndiye ndinkadzifunsa kuti, ngati thupi silinachite chilonda koma munthu akuvulidwa ulemu katatu patsiku, tinene kuti wasamalidwa? Ine ndimati ayi, ndipo mpaka lero sindinasinthe. Ife tomwe tikamasambitsa mtembo timaonetsetsa kuti pakati pa mchombo ndi mawondo pasaonekere, timautembenuza mofatsa, sitikweza mawu, ndipo zimene taona m'chipindamo sitikazinena kunja. Ngati womwalira tikumuchitira zimenezi, nanga wamoyo amene akumva chilichonse koma sangathe kudandaula?

Komabe usiku wina, tulo titandithawa, ndinachita masamu. Mnyamata uja anali yekha ndi odwala 15 ofunika kutembenuzidwa. Kutembenuza munthu wamkulu, kumupukuta ndi kusintha zofunda sikungachepere mphindi 10. Ndiye kuti mphindi 150, pamene maola awiri ndi mphindi 120. Asanamalize wotsiriza, nthawi ya woyamba uja yapitirira kale. Za bulangete sindikumuikira kumbuyo, poti kuphimba munthu sikudya nthawi. Koma kuyambira usiku umenewo ndinaleka kuganiza kuti nkhani yonseyi ndi ya mtima wabwino ndi mtima woipa basi. Amene anagamula kuti munthu mmodzi akwanira usiku wonse sanali m'wodimo, ndipo dzina lake silinali papepala lija.

Tinatuluka patatha masabata 6. Ababa ankatha kukhala tsonga mothandizidwa, ankadya ndi dzanja la kumanzere, ndipo khungu lawo linali lopanda banga. Ndikufuna mukumbukire zimenezi: kumalo a anthu achilendo kuja anatuluka alibe chilonda.

Kunyumba masabata oyamba anthu ankabwera ndithu, ena ndi shuga, ena ndi dua, ena kudzangoona. Pofika mwezi wachiwiri khomo linayamba kuzizira. Tinatsala ine ndi amayi, ndipo amayi msana wawo sulola kunyamula munthu. Ndinatchera alamu pa foni: 10 koloko, 12 koloko, 2 koloko, 4 koloko. Poyamba ndinkadzuka. Kenako ya 2 koloko ndinayamba kuizimitsa ndili m'tulo. Kenako ndinadzinamiza kuti maola anayi si nkhani, poti iwo sakudandaula. Akanadandaula bwanji? Masana ena ndinkawasiya pampando kuchokera Zuhr mpaka Maghrib, ine ndili pakhonde ndi foni, ndikuyankha anthu pa WhatsApp amene ankandiyamikira kuti Masha Allah, mwana wosamala makolo.

Kadontho kakuda kumunsi kwa msana ndinakaona. Ndinakadziwanso kuti n'chiyani, poti mayi aja anandiphunzitsa. Ndinapakapo vaselini n'kukhala chete. Masiku 10 asanathe panatseguka, ndipo fungo ndi limene linauza amayi. Adokotala atandifunsa kuti amatembenuzidwa kangati, ndinayankha kuti "pafupipafupi". Anandiyang'ana osanena kanthu, n'kupitiriza kutsuka chilondacho. Allah andikhululukire bodza limenelo.

Chilonda cha ababa chinayambira m'nyumba mwawo, m'manja mwa mwana wawo amene amawakonda.

Achimwene atamva anaimba foni n'kunena kuti mwina tifufuze malo olipira kumene angakasamalidwe ndi anthu odziwa ntchitoyo, ndalama azitumiza iwo. Amalume anakalipa kwambiri. Anati, "Mukufuna kukamutaya munthu akadali moyo? Anthu adzati chiyani?" Achimwene nawonso sanali omasuka ndi maganizo awo omwe, chifukwa anali kale ku Joni pamene nkhani ya Life Esidimeni inkawira.

Kwa amene simunaimvepo, inali chonchi. M'chigawo cha Gauteng, boma linkalipira kampani ya Life Esidimeni kuti izisunga anthu odwala matenda a m'maganizo ofunika chisamaliro cha nthawi yaitali, ndipo ena anali atakhalako zaka zambiri. Mu 2015 akuluakulu a zaumoyo m'chigawocho analengeza kuti akuthetsa mgwirizanowo, chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti ndalama zikuchuluka. Mu 2016 odwala oposa 1,000 anasamutsidwa mwachangu, ambiri kupita ku timabungwe ting'onoting'ono topanda ziphaso zovomerezeka, topanda anamwino okwanira, kwina ngakhale chakudya ndi zofunda kunalibe. Abale ena sanauzidwe kumene wodwala wawo wapita, anazungulira masabata akufunafuna, ena n'kukamupeza ku mochale. Anthu 144 anamwalira, ambiri ndi njala, ludzu, chibayo ndi kusasamalidwa. Pulofesa Malegapuru Makgoba anafufuza n'kutulutsa lipoti mu 2017, ndipo mu 2018 jaji wopuma pantchito Dikgang Moseneke analamula kuti banja lililonse lipatsidwe R1.2 miliyoni. Mawu akuti Esidimeni amatanthauza malo a ulemu.

Amalume akanaidziwa nkhaniyi akanati, mwaona, ndi zimene ndikunenazo. Koma ine ndikaiyang'anitsitsa sindikuona kuti ikuikira umboni mbali yawo. Anthu aja sanafe chifukwa chokhala kumalo osungirako odwala, poti ambiri anakhalako zaka ali moyo. Anafa pamene wina anawaona ngati nambala yofunika kuchepetsa pa bajeti, n'kuwapereka kwa anthu amene analibe luso kapena zipangizo. Ndipo chimene chinapangitsa kuti zifike pamenepo n'chomwecho chimene chinachitika kuchipinda kwa ababa: odwalawo sakanatha kudzinenera. Wodwala malungo amene amayankhula, ukamuchedwetsera mankhwala akuuza, auzanso abale ake. Pakamwa pake ndi mlonda wake. Koma wa sitiroko, wokalamba woiwalaiwala, wodwala m'maganizo, alibe mlonda ameneyo. Chimene chimamuchitikira 2 koloko ya usiku amachidziwa ndi womusamalayo ndi Allah basi, mpaka khungu lidzaulule.

Kumadrasa tinaphunzira za ihsan, zoti munthu azichita zinthu podziwa kuti Allah akumuona ngakhale palibe munthu wina. Ine ndinkaiika pa swala yokha. Sindinadziwe kuti mayeso ake adzandipeza ndili m'bulangete, alamu ikulira, munthu wofunika kutembenuzidwa ali chipinda chinacho ndipo sadzandinenera kwa aliyense. Ndinalephera. Koma ndinenenso chilungamo china, osati podzichotsera mlandu: munthu mmodzi sangadzuke kanayi usiku uliwonse kwa miyezi itatu n'kukhalabe munthu. Ndinali nditasanduka mnyamata wa m'wodi uja. Ndinayamba kuwakoka ababa mwaphuma, kuwadyetsa supuni zikuluzikulu kuti timalize msanga, chonsecho ndinauzidwa kuti wa sitiroko amadya atakhala tsonga, pang'onopang'ono, chifukwa chakudya chikalowera kumapapo chimabweretsa chibayo. Mafizo a dzanja ndi mwendo ndinasiya, ndipo zala zawo zinayamba kupindika n'kuuma.

Apa ndiye pamene mawu athu odzitama aja amandipweteka. N'zoona, sitikawasiya makolo kunyumba zosungirako okalamba. Koma kawirikawiri timawasiyira munthu mmodzi m'banjamo, n'kumati "tikuwasamala". Kwathu anali ine, koma m'makomo ambiri amakhala mkazi: mayi wokalamba amenenso akudwala, mpongozi, kapena kamtsikana kotengedwa kumudzi n'kusiyitsidwa sukulu. Enafe timabwera Lamlungu ndi shuga. Maliro akachitika, ndalama za sanda ndi sadaka zimasonkhedwa tsiku lomwelo, anyamata okumba manda sasowa. Koma kodi munamvapo anyamata a pamzikiti atagawana masiku oti azikagona kwa m'bale wodwala kuti womusamala apumeko usiku umodzi? Ine sindinamvepo, ndipo inenso sindinaganizepo zokachitira wina zisanandigwere.

Ndiye funso loti kunyumba kapena kumalo osungirako odwala, ine ndaona kuti timalifunsa molakwika. Timafunsa kuti anthu adzati chiyani, m'malo mofunsa kuti ndani adzamutembenuza usiku, ndani adzamuphimba pomusambitsa, ndani adzamuitana ndi dzina lake. Patakhala malo ochita zimenezi bwino, banja n'kumapitako tsiku ndi tsiku, ine sindingatche kumeneko kutaya kholo. Ndipo kusunga kholo m'nyumba likuwola msana, pofuna kuti dzina la banja lisade, sindingakutche kulemekeza makolo. Amene muli ndi m'bale kumalo otere, kaya kuno kaya ku Joni kapena ku UK kumene alongo athu ambiri akugwira ntchito yomweyi, mukapita kukamuona musathere pa maluwa a pakhomo ndi kumwetulira kwa a pa ofesi. Pemphani kuona zidendene ndi msana wake. Onani ngati kapu ya madzi ili kumbali ya dzanja limene limagwira ntchito. Nthawi zina muzifika pa ola limene sakukuyembekezerani. Ndipo amene muli naye kunyumba, mayeso ake ndi omwewo, kungoti palibe amene adzabwere kudzakuyenderani.

Pa mkangano wonse uja panali munthu mmodzi amene palibe anamufunsa. Amayi ndi amene anazindikira. Anakhala pambali pa bedi n'kuwafotokozera ababa zonse, pang'onopang'ono, n'kuwauza kuti ngati akufuna kupita afinye dzanja. Sanafinye. Anakweza dzanja la kumanzere n'kuloza pawindo, mbali imene adhana imamvekera. Ndiye anakhala. Koma sitinabwerere ku zakale zija. Ndalama za achimwene tinagulira matiresi ofewa, ndipo zotsala timalipira bambo wina amene anagwirapo ntchito kuchipatala, amabwera mausiku atatu pa sabata. Msuweni wanga amagona kuno Lachisanu, mlongo wanga amatenga masana a Loweruka ndi Lamlungu kuphika ndi kudyetsa. Amalume anapatsidwa Lolemba. Anabwera kawiri, kachitatu anatumiza mwana wawo. Pakhoma pali pepala limene aliyense amalembapo nthawi imene watembenuza ndi mbali yake, ndipo tinagwirizana kuti ukaphonya ulembe kuti waphonya.

Chilondacho chinatenga miyezi inayi kuti chitsekeke, ndipo chipsera chake ndimachiona tsiku lililonse. Zala ziwiri zija sizinawongokenso. Ababa sanandidzudzulepo, sangathe, ndipo sindikudziwa ngati akudziwa kuti chinabwera chifukwa cha ine. Tsiku lina ndinawauza ndekha n'kupempha chikhululuko. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza mbale ya mchenga imene timawachitira tayammum, poti nthawi ya Asr inali itakwana.

Lero ndi Lachitatu, usiku wanga. Ndikulemba izi nthawi ili 1:40, ndipo papepala la pakhoma ndalemba kuti 12 koloko ndinawagoneka kumanzere.