Additional Mathematics: malume akukana, mayi akukakamira

Mtsikana wina wa ku Mchinji wakhoza JCE, ndipo polowa Fomu 3 aphunzitsi amuuza kuti angathe kutenga masamu owonjezera, Additional Mathematics. Fizi amalipira ndi malume ake, ogula mtedza ndi soya. Amayi ake ndi mphunzitsi wa pulayimale. Awiriwa anakambirana nkhaniyi pakhonde ku Kamwendo, lichero la mtedza lili pakati.

MALUME: Achemwali, ndisakubisireni, za masamu owonjezerazi ine sindikuzivomera. Pa MSCE amawerenga maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino, Chingerezi chili momwemo. Wani wa Agriculture ndi wani wa Additional, papepala la MANEB n'chimodzimodzi. Nanga mwana asiyirenji njira yachidule n'kukakwera phiri?

MAYI: Ndiye mwadziyankha nokhatu, achimwene. Likamukanika phunzirolo, silidzalowa m'gulu la asanu ndi limodziwo. Watayapo chiyani?

MALUME: Wataya usiku. Ndamuonapo ine mwanayu ali pa samu imodzi mpaka tochi kuzilala. Maola amenewo ndi a Biology ndi Chingerezi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mapoyintsi akakwera, a NCHE posankha ana opita ku yunivesite sadzafunsa kuti analimba mtima bwanji.

MAYI: Mwanayu akufuna uinjiniya, ku MUBAS ku Blantyre kapena ku MUST ku Thyolo. Wakhala akunena zimenezi chiyambire Sitandade 7.

MALUME: Ndinafunsa kale. Zimene amayang'ana ndi masamu wamba, Physics, Chemistry ndi Chingerezi. Ana ambiri a m'ma CDSS phunziro limeneli sanalionepo n'kamodzi komwe, koma ena amasankhidwa.

MAYI: Kulowa ndi kwina, kukhalamo ndi kwina. Chaka choyamba chomwecho amakumana ndi calculus, ndipo mphunzitsi wa kumeneko sadikira munthu. Wolephera amamubweza kwawo ndi chikwama chake. Ine ndikufuna mwana akakumane ndi chilombo chimene anachiona kale chili chaching'ono. Ndipo inuyo, achimwene, musamanyoze masamu amene amakudyetsani.

MALUME: Ine? Ndinalekera Sitandade 8 ine.

MAYI: Mukagula mtedza nthawi yokolola mumausunga kudikira mtengo ukwere. Koma thumba likamauma limapepuka, makoswe akudyako, lendi ya nyumba yosungiramo ikuwerengedwa. Pali tsiku limene kudikira kumasiya kupindula n'kuyamba kukudyani. Mwanayu anandijambulira mzere wokwera n'kutsika ngati chulu, akuti masamu amenewa ndi opezera nsonga ya chulucho. Ntchito yake ndi kuyeza mmene chinthu chikusinthira, osati kungowerenga chimene chilipo.

MALUME: Nsonga imeneyo ine ndimaipeza ndi mutu wangawu.

MAYI: Monga chaka chija soya anakutsikirani ali m'nyumba?

MALUME: Zija zinali za msika, musandiseke. Ndipo mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndi samu iti ikanandichenjeza? Tinadzuka m'mawa, osintha ndalama pa Mwami atasintha kale mitengo, ife tili kukamwa yasa. Koma tisiye zimenezo. Tinene za thumba. Buku lake ndi lodula, pakufunika calculator, mwinanso kaganyu ka aphunzitsi patchuthi. Mng'ono wake akubwera m'mbuyomu. Mbumba ndi yonse, si mmodzi yekhayu. N'chilungamo kuthira zonse pa mwana mmodzi chifukwa choti ndi wanzeru?

MAYI: Akanakhala mnyamata mukanawerengera chonchi?

MALUME: Ayi, pamenepo mwandilakwira. Anthu atayamba zonena kuti mtsikana wakula, ndani anaimirira n'kunena kuti mwana wa mlongo wanga sakwatiwa, apita ku sekondale? Ndinagulitsa ng'ombe ine.

MAYI: Pepani, achimwene, lilime linaterereka. Koma ndi chifukwa chake ndikudabwa. Munamuolotsa Bua, lero mukumuletsa kudumpha ngalande. Ine m'kalasi ndaona ana anzeru akuzilala chifukwa palibe chowavuta. Kumuuza mwana kuti sankha zophweka kuti ukhoze, n'kumuphunzitsa kuti satifiketi iposa nzeru. Tsiku lina adzaona kuti kubera mayeso n'kophweka koposa.

MALUME: Musafike kumeneko. Langa lomaliza ndi ili. Pasukulu pajapo wophunzitsa phunziroli ndi mmodzi. Aphunzitsi a masamu ndi osowa, ndipo Lilongwe ali pafupi. Akamusamutsa mphunzitsiyo mwana ali pakati pa Fomu 4, mudzamuphunzitsa ndinu?

MAYI: Apo mwalasa. Ine masamu anga amathera pa Sitandade 8. Lolemba ndipita ndikaonane ndi ahedi, ndikamve ngati alipo wina wogwirizira. Koma teremu yoyamba yokha muloleni ayese.

MALUME: Teremu imodzi. Lipoti likabwera ndidzayamba kuona Chingerezi ndi Biology, Additional pambuyo. Zikatsika, asiye.

MAYI: Zikapanda kutsika?

MALUME: Calculator ndikagula ku Chipata Lachisanu. Za buku tidzakamba lipoti lili m'manja. Tandipatsirani licherolo, mtedza wanu mukuswa ndi makoko omwe.