Kodi Wonyenga pa Masewera Acotsedwe Kosatha?

Ku America, pa masewera a baseball, kuyambira caka ca 2014 wopezeka ndi mankhwala oonjezera mphamvu amaletsedwa kusewera: koyamba masewera 80, kaciwiri 162, kacitatu moyo wace wonse. Jenrry Mejía wa New York Mets analandira cilango cotsirizaci mu 2016, koma mu 2018 anamkhululukira.

Kodi anacita bwino? Munthu wotere ali ngati wogulitsa mpunga pa msika wa Karonga ndi muyeso wonyenga, pakuti amaba malo ndi malipiro a mnzace amene anakana mankhwalawo. Komabe cilango cotsekeratu khomo sicikonza munthu, cimangomtaya. Cobvuta ncakuti wokhululukidwayo amabwerera, pamene mnzace uja, amene anatsala kunja zaka zonsezo, palibe womubwezera kanthu.