Kodi Wodziwa Ali ndi Mangawa kwa Wosadziwa?

M'masukulu akuru a ku America, ndi m'maiko ena ambiri tsopano, muli mwambo umene ophunzira aucha hackathon. Anyamata ndi atsikana asonkhana m'nyumba imodzi yaikuru, yense ndi kompyuta yace, nagawikana m'timagulu ta anthu atatu kapena anai. Apatsidwa nthawi yowerengeka, maora 24 kapena 36 kapena 48, kuti gulu liri lonse lipange kanthu katsopano kogwira nchito: kapena pulogalamu ya pa foni, kapena tsamba la pa intaneti, kapena kamakina. Itatha nthawiyo, oweruza ayendera magulu onse, napenya zimene apanga, napereka mphotho kwa opambana. Dzina limeneli linamveka m'caka ca 1999, pamene amisiri a OpenBSD anakomana ku Calgary, m'dziko la Canada, kudzalembera pamodzi. M'caka ca 2009 ophunzira a University of Pennsylvania, ku Philadelphia, anayamba msonkhano wao wochedwa PennApps. Ndipo m'caka ca 2013 linabadwa bungwe la Major League Hacking, lothandiza masukulu kucititsa misonkhano yotere.

Yambiri ya misonkhano iyi ilengeza kuti ilandira ndi oyamba omwe, ngakhale iye amene sanalembepo mzere umodzi wa pulogalamu. Apa ndipo pabuka funso limene tifuna kulingalira pamodzi ndi owerenga athu. Tiyerekeze kuti odziwa atatu akhala pa tebulo, nthawi irikutha, mphotho iri patsogolo pao. Ndipo afika wacinai, wa m'caka coyamba, napempha malo. Kodi ayenera kumlandira? Ndipo akamlandira, amcitire ciani?

Tiyambe tamva mau a iwo okana, pakuti si onse ali ouma mtima. Iwo ati, Wosadziwa aticedwetsa. Ora limene titha pomlongosolera lacotsedwa pa maora athu 36, ndipo silibweranso. Atinso mphothoyo si kanthu kacabe, popeza makampani atumiza anthu ao ku misonkhano iyi kukafuna anchito, ndipo nthawi zina kanthu kopangidwa usiku umodzi kasanduka cuma. Zoonadi GroupMe inayamba pa hackathon ya TechCrunch Disrupt ku New York m'caka ca 2010, ndipo Skype inaigula m'caka ca 2011. Tsono wophunzira waumphawi, amene makolo ace ayembekeza kuti adzapeze nchito, kodi acimwa pofuna anzace amphamvu? Ndipo anena cinanso cacilungamo, kuti woyamba akalandira gawo la mphotho, wadya thukuta la eni ace.

Mau awa tiwalemekeza, koma tiona kuti aiwala kumene nzeru ya wodziwayo inacokera. Palibe mmodzi wa atatu aja anabadwa alikudziwa. Zipangizo zimene agwira nazo nchito anazilandira kwaulere. Linus Torvalds anayamba Linux m'caka ca 1991 ali wophunzira ku Helsinki, naipereka poyera kuti ali yense aione ndi kuikonza. M'caka ca 2005 anapanganso Git, imene magulu awa asungiramo nchito yao, osalipira kanthu. Ndipo yense wa iwo, akakumbuka bwino, apeza kuti tsiku lina anafunsa funso lopusa, ndipo munthu wina anasiya zace namuyankha. Amene anamuyankhayo sangambwezere, pakuti kawirikawiri ali kutali, kapena dzina lace lomwe salidziwa. Mangawa otere ali ndi njira imodzi yokha yobwezera, ndiyo kupatsa iye amene alikudza m'mbuyo. Cifukwa cace tinena kuti wodziwa akalandira woyamba, sacita cifundo copambana ai. Abweza zimene anakongola.

Tiyeneranso kufunsa cimene citsala msonkhano utatha. Zambiri zopangidwa m'masiku awiri zisiyidwa pomwepo, eni ace nabwerera ku maphunziro ao. Cotsala ndiwo anthu. Mtsikana amene anaona koyamba mzere wolemba iye ulikugwira nchito apita kwao ali wina. Ndipo mnyamata amene anakanidwa pa matebulo atatu apita kwao alikuti, Nchito iyi si ya anthu onga ine. Zonse ziwirizi zikhalitsa koposa mphotho.

Makolo athu anaidziwa nzeru iyi pa dima. Mnyamata akafika ndi kakhasu kace sampitikitsa, koma ampatsa mzere pambali pa munthu wamkuru, kuti aone kagwiridwe ka khasu, ndipo caka ca mawa adzalima ngati anzace. M'mera mpoyamba. Malembo Oyera atiphunzitsa comweco. M'buku la Eksodo timva kuti Bezaleli, mmisiri wa cihema, pamodzi ndi luso la manja analandiranso mtima wakuphunzitsa ena. Ndipo linga la Yerusalemu, limene linatha m'masiku 52 pa nthawi ya Nehemiya, silinamangidwa ndi amisiri a miyala okha; pakati pa omangawo panali osula golidi, ndi osanganiza zonunkhira, ndi ana akazi a Salumu, yense pa cigawo cace. Nayonso inali nchito ya cangu, adani ali pafupi, koma malo anapezeka a iwo osazolowera.

Koma ticenjere, pakuti kuli kulandira konyenga. Gulu lina limlola woyamba kukhala pa tebulo, koma nchito yace ndiyo kukatenga cakudya ndi kupenyerera. Ndipo potsiriza alemba dzina lace pamodzi ndi ao. Pamenepo zoipa zacitika ziwiri: iye sanaphunzira kanthu, ndipo oweruza auzidwa bodza. Kulandira koona ndiko kumdulira cigawo ca nchito, cacing'ono koma ceniceni, cimene cikasoweka pulogalamu siikwanira. Angathe kupanga tsamba limene munthu alembapo dzina lace polowa. Angathe kuyesa pulogalamuyo kuti aone pamene ilephera. Ndipo pa ici woyamba aposa odziwa, pakuti apunthwa pomwe adzapunthwa munthu wamba, pamene maso a mmisiri anazolowera kale osaonanso. Tsono pofika oweruza, anene zoona za gawo la yense. Git isunga dzina la wolemba cigawo ciri conse ndi nthawi yace. Nkwamanyazi kuti makina asunge coonadi cimene pakamwa pa Mkristu pabisa.

Nayenso woyamba ali ndi mangawa ace. Asabise kusadziwa kwace pofuna kuoneka wanzeru, pakuti safunsa anadya phula. Koma ayambe wayesa yekha asanafunse, kuti asaononge nthawi ya anzace pacabe. Kuyambira caka ca 2022, pamene inaturuka ChatGPT, kuli kwapafupi kuuza makina alembe zimene munthu sazimvetsa, iye nazipereka ngati zace. Wocita cotero anyenga anzace amene anamlandira, nadzimana yekha cimene anadzera. Agwire kacigawo kace mokhulupirika, ndipo asachule zazikuru koposa zimene anacita. Akatero, mau aja akuti wadya thukuta la eni ace agwa okha.

Catsala cinthu cimodzi cimene sitifuna kubisa. Kapena gulu lolandira woyamba lidzalephera mphotho imene likadapata popanda iye. Ocititsa misonkhano ambiri acepetsa bvuto ili poika alangizi oyendera matebulo, ndi mphotho yapadera ya magulu a oyamba. Koma silitha konse. Cifukwa cace titi atatu aja apangane poyamba, onse pamodzi, kuti mmodzi asapereke nsembe ndi cuma ca anzace. Ndipo sitikakamiza gulu limodzi kusenza oyamba onse. Koma atapangana, alandire mtengo wace ndi mtima woyera, osamdandaulira mlendoyo pambuyo. Kubweza mangawa kumapweteka m'thumba nthawi zonse. Sikucititsa wobwezayo kukhala wopusa.

Abale ndi alongo, ambiri a ife sitidzalowa m'nyumba ya hackathon, koma funsoli litipeza komwe tiri: m'nyumba yopalira matabwa, pa makina osokera, m'gulu la oyimba, pa bwalo la akuru a mpingo. Ponse pali wina waima pa khomo, wosadziwa, wamanyazi, alikuyembekeza kuti aone ngati tidzasendeza mpando. Yense wa ife akumbuke dzina la iye amene anamsendezera mpando poyamba, ndipo mwezi uno acitire wina comweco.